Za Ndalama Zosabweza, ndi Amene Azipeza

Abale athu a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chia kufikira ku Dwangwa, pali mau amene amveka masiku ano padooko ndi pamsika, akuti, Kwabwera ndalama zaulere, tiyeni tikalembetse maina. Pakumva mauwa msodzi asiya ukonde wake, mai woyanika usipa asiya thandala lake, napita kukakhala tsiku lonse pansi pa mtengo kudikira munthu wa mapepala. Ife tinena kuti khalidweli litisaukitsa, ndipo tifuna kuonetsa cifukwa cake.

Coyamba, tisiyanitse ngongole ndi mphatso, pakuti ambiri a ife tazisokoneza dala. M'caka ca 2005 boma lidakhazikitsa thumba la MARDEF kuti likongoze mpamba kwa anthu a m'midzi. M'caka ca 2014 thumbalo lidasanduka MEDF, ndi m'caka ca 2020 lidachedwa NEEF. Maina adasinthika, koma zonsezi zinali ngongole, zobweza pamodzi ndi ciongola dzanja. Tsono anthu ambiri adazilandira monga mphatso ya andale, osabweza. Kodi adaluza ndani? Adaluza mnansi wao wogulitsa mpunga, amene pofika nthawi yake adapeza thumba liri gwa. Wodya ngongole yotere sabera boma lokha ai, abera mbale wake wa m'mudzi momwemo.

Caciwiri, ndalama zosabweza ziripodi, sitikana, koma sizigwa ngati mvula pa munda wa yense. Taonani nchito ya AGCOM, imene boma lidayamba m'caka ca 2018 ndi thandizo la World Bank. Iyo idapatsa magulu a alimi magawo 70 pa 100 a mtengo wa makina, nkhokwe kapena ziwiya zina, koma magawo 30 otsalawo gulu lidayenera kusonkha lokha, ena ndalama, ena zinthu monga njerwa ndi mcenga. Idafunanso gulu lolembedwa m'kaundula wa boma, ndi wogula wodziwika amene adzatenga zokolola. Taonaninso bungwe la Tony Elumelu wa ku Nigeria, limene kuyambira 2015 lapatsa amalonda ang'ono a mu Africa madola 5,000 munthu mmodzi. Wopempha alemba pa intaneti, nafotokoza malonda ake ndi mawerengero ake, ndipo opempha acuruka kopambana osankhidwa.

Wina adzati, Nanga si cimeneco? Ndalamazo nza anthu a sukulu ndi a m'tauni, ife a bwato sitiwerengedwa. Mbale, mau anuwo ali ndi coonadi, ndipo kwa opereka thandizo tinena poyera: si cilungamo kulengeza kuti muthandiza wosauka, pamene mapepala anu ali m'Cingerezi cokha, ndi khomo lanu liri pa intaneti imene mai wa ku Lozi alibe. Tembenuzani mapepalawo akhale m'cinenero cathu, nimutume anthu anu afike kunyanja kuno. Koma ngakhale atatero mawa lomwe, kodi adzatipeza okonzeka? Akafunsa kuti, Caka catha mudagula usipa wa ndalama zingati, ndipo mudapindula zingati? tidzayankha ciani, ife amene tisunga mpamba ndi ndalama ya ndiwo m'nsonga imodzi ya citenje?

Cifukwa cake tinena kuti njira iyamba pakhonde pathu. Mabanki a m'khonde, amene bungwe la CARE lidayamba m'dziko la Niger m'caka ca 1991, afika m'midzi yathu yambiri. M'menemo anthu asonkha sabata ndi sabata, nakongozana, nalemba zonse m'buku, nagawana pakutha pa caka. Bukulo ndilo mboni imene opereka thandizo aikhulupirira koposa misozi. Gulu likakhazikika, lipite ku ofesi ya zamalonda kapena ya zausodzi pa boma la Nkhotakota, likafunse njira yolembetsera kopaletivi. Pamenepo lingathe kupempha cigayo ca mpunga kapena nyumba yoyanikiramo nsomba, zinthu zimene munthu mmodzi sangazifikire. Akulu adati, mutu umodzi susenza denga.

Cenjeraninso ndi iwo oyendayenda m'midzi, kapena otumiza mau pa lamya, akuti, Perekani kangacepe tikulembeni pa mndandanda wa olandira. Wokupatsani mphatso yeniyeni sayamba ndi kutenga ndalama yanu kuika m'thumba mwake. Cosonkha ca gulu cikhala m'buku la gulu ku banki, osati m'dzanja la mlendo. Wotere ali mbale wake wa munthu wa katapila, angosiyana cobvala.

Tsono inu amene mudziwa kulemba ndi kuwerenga, nchito iyi igwera inu. Musasunge nzeruyo kuti muwerengere makalata okha. Khalani alembi a magulu a m'mudzi mwanu, gulani kope ndi colembera, lembani tambala iri yonse yolowa ndi yoturuka, ndipo muwerenge bukulo pamaso pa onse mwezi ndi mwezi. Mwera ukaomba ndi mabwato akakhala pamtunda, imeneyo ndiyo nthawi yosonkhana ndi kuyamba.