Nyumba ya lendi imafuna diso la mwini

Aliyense wodutsa pa Mitundu kapena pa Nathenje akuona momwe nyumba za malata zikumerera. Ena amanga ndi ndalama za fodya, soya ndi mtedza, ena za penshoni, pomwe ena akutumiza kuchokera ku Joni. Ofuna lendi aliponso: ophunzira a ku Bunda, sukulu yomwe ili pansi pa Luanar, aphunzitsi, anamwino ndi ageni ogulitsa m'mbali mwa msewu wa M1.

Koma kumanga n'kwina, kuchititsa lendi n'kwinanso. Funso lomwe limasautsa landilodi watsopano n'lakuti: ndiziyang'anira ndekha kapena ndipeze wondiyang'anira?

Ife tikuti ngati mukukhala pafupi ndipo zipinda n'zochepa, gwirani nokha ntchitoyi. Woyang'anira amadula gawo lake mwezi uliwonse, ndalama yomwe ikadagula simenti yokonzera khonde. Komanso denga likayamba kudontha m'dzinja kapena chimbudzi chikadzadza, mwini ndiye amamva kuwawa msanga.

Komatu kuyang'anira nokha kumafuna mtima wolimba. Lembani pangano, nonse musayine pamaso pa mboni: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, wogula mayunitsi a Escom ndani, ndipo notisi ndi ya masiku angati. Perekani lisiti pa ndalama iliyonse. Wochita lendi akalephera kulipira, musazule chitseko kapena kumutayira katundu panja. Kambiranani, zikakanika pitani kwa amfumu kapena kubwalo la milandu.

Ngati muli kutali, nkhani ndi ina. Ambiri alira atasiyira nyumba mlamu kapena mphwawo. Lendi imathera ku maliro ndi feteleza, mwini n'kusowa pofunsira poopa kudula chibale. Kuli bwino munthu wolipidwa, yemwe mungamuchotse akalakwa. Musamusokoneze ndi dobadoba, yemwe ntchito yake imatha akakupezerani munthu n'kulandira yake.

Ngakhale mutapeza woyang'anira wokhulupirika, lendi izibwera pafoni panu kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money, ndipo iye muzimulipira ndinu. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Nyumbayo mudaikhetsera thukuta. Kaya musankha njira iti, muziiyendera, muzifunsa, ndipo zonse zikhale papepala.