Matimati ya Fumbi Yoyela: Mlandu ni wa Ndani?

Amai ndi atate a pa Soweto na City Market,

Mukaoda bokosi ya matimati m'mamawa, nthawi zina mumaona kafumbi koyela pakhungu. Aja ni mankhwala. Pa botolo amalemba masiku yoyembekeza ukapopela usanathyole. Nanga n'cifukwa ciani ena sayembekeza?

Funsani mnyamata wopopela pa mafamu ena ku Chongwe olo ku Chisamba. Alibe magambuti, magulovu, olo masiki. Malipilo ni ya pa bokosi, nayo yamacedwa. Munthu wamene bwana wake samusamala, angasamale kasitomala wanu? Athyola cabe lelo lomwe, mutu uli kuwawa, kuti ana adye.

Manje wogwila matimati aja tsiku lonse ndimwe. Mwana wa kasitomala akatsegula m'mimba, dzina loipa ni lanu, osati la famu.

Lamulo lilipo. Environmental Management Act ya 2011 inapatsa ZEMA mphamvu pa mankhwala aya. Cosowa ni ma inspector kumunda. Pa tebulo panu, otenga levy saphonya tsiku. Boma ifikenso kumafamu, ione zovala na malipilo ya anchito.

Mawa pooda, funsani: "Munapopela liti?" Mukafunsa nonse, adzamva.

Mlembi wa Acinyamata