KODI MUMADZIWA? Mbalame yodya makandulo ndi khoswe wa mendulo

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, wansembe wina wachipwitikizi, João dos Santos, anazizwa ku Sofala ataona kambalame kakulowa m'tchalitchi n'kumajompha makandulo a paguwa. Nkhaniyi anailemba m'buku lake la Ethiopia Oriental la chaka cha 1609, ndipo panapita zaka mazana atatu akatswiri a mbalame asanatsimikize kuti ankanena zoona. Kambalameko ndi nsadzu, yomwe ija imalondolera anthu ku njuchi. Mimba yake imagaya phula, chakudya cholephereka kwa mbalame zambiri.

Alenje a uchi a Chiyao ku nkhalango ya Niassa amaitana nsadzu ndi kulira kwakuti "brrr-hm", komwe mwana amaphunzira kwa bambo wake. Mu 2016 Claire Spottiswoode ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza atayenda nawo m'tchire. Pa maulendo 100 oimbidwa phokoso wamba, njuchi zinkapezeka pa 17 okha. Poitana mwa Chiyao, zinkapezeka pa 54. Ndiye kuti mbalame yosawetedwa imamva chinenero cha munthu! Koma musafulumire kuitama. Nsadzu simanga chisa. Imaikira dzira m'chisa cha mbalame ina, ndipo mwanapiye wake amaswa ali ndi mlomo wa ngowe wophera ana a mwini chisa, iye maso asanatseguke n'komwe.

Phula lomwelo limagwiranso ntchito kwa oimba. Achopi a ku Zavala, m'chigawo cha Inhambane, amamatira nalo zikho za mateme kunsi kwa timbila zawo kuti mau azimveka patali. Bungwe la UNESCO linalemekeza timbila mu 2005, chaka chomwecho ndi Gule Wamkulu wa Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia.

Nanga bwampini? Ena amamuona ngati ndiwo, ena ngati mbala ya m'nkhokwe. Koma amene anabwerera kwawo nkhondo itatha mu 1992 akukumbukira minda yomwe inkaopsa kuponyamo khasu chifukwa cha mabomba okwirira. Bungwe la APOPO linayamba kuphunzitsa abwampini ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, kununkhiza onga wa m'mabombawo, ndipo anagwira ntchito yaikulu kuno, makamaka m'chigawo cha Gaza. Bwampini ndi wopepuka, saphulitsa bomba akaliponda. Akamva fungo amapalasa dothi, n'kulandira malipiro ake: nthochi kapena mtedza. Makina amalira pa chitsulo chilichonse, ngakhale msomali wadzimbiri, pamene iye amangotsata onga basi. Mu September 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira m'Mozambique ayeretsedwa. Wina mwa makoswewa, dzina lake Magawa, anavekedwa mendulo yagolide mu 2020 chifukwa cha ntchito yake ku Cambodia. Msampha wa kuseri kwa nkhokwe sudziwa zonsezi.

Yomvetsa chisoni ndi ya dotolo Ignaz Semmelweis wa ku Hungary. Pa chipatala chachikulu cha ku Vienna panali zipinda ziwiri zochiliramo amayi, china cha madotolo, china cha azamba. Amayi ankalira kupempha kuti awapititse kwa azamba, poti kwa madotolo ankamwalira ambiri. Mu April 1847 amayi 18 pa 100 aliwonse anafera m'chipinda cha madotolocho. Semmelweis anazindikira kuti madotolo ankachoka kong'amba mitembo n'kukagwira amayi ndi manja omwewo. Analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a kolorini, ndipo m'miyezi yotsatira imfa zinatsika kufika pa amayi awiri pa 100. Kodi anzake anamuthokoza? Ayi ndithu. Ambiri anapsa mtima kuti munthu wophunzira angauzidwe bwanji kuti manja ake ndi auve. Semmelweis anamwalira mu 1865 m'chipatala cha amisala, ali ndi zaka 47.

Kolorini ameneyo ndi yemwe azaumoyo amathira m'zitsime ndi m'mitsuko kolera ikabuka nyengo ya dzinja. Ndipo vuto la ku Vienna lija lilipo pa mphasa zambiri nthawi ya nsima: beseni limodzi limayambira kwa bambo, kupita kwa alendo, kenako kwa ana, madzi atasanduka kale phala. Wotsiriza kusamba, amene amatola litsiro la onse, amakhala mwana wamng'ono, yemwenso kutsegula m'mimba kumamufoola msanga kuposa onse. N'chifukwa chake azaumoyo amati wina azithirira mnzake ndi kapu, pakhale sopo kapena phulusa, ndipo madzi ogwera m'beseni akatayidwe.