CHUMA-ZIMBABWE: Phunziro la Guy Mhone Likuonekabe ku Musana

BINDURA - Dera la Musana lili pafupi ndi tauni ya Bindura, komwe kuli mgodi wa golide wa Freda Rebecca ndi wa nickel wa Trojan. Ngakhale miyalayi yakhala ikugulitsidwa kunja kwa zaka zambiri, mabanja ochuluka m'midziyi amadalirabe chimanga ndi ndiwo zamasamba zomwe amayi amalima.

Kusiyana kotereku ndi kumene katswiri wa zachuma wa ku Malawi, malemu Pulofesa Guy Mhone, anathera moyo wake akufufuza. Mhone anabadwa mu 1943 ku Luanshya, tauni ya migodi ya kopa ku Zambia. Anachita maphunziro a ukachenjede ku America, nagwira ntchito ku bungwe loona za anthu apantchito la ILO ndiponso ku SAPES Trust mumzinda wa Harare. Pamene amamwalira mu 2005, anali mphunzitsi pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg.

Buku lake la mu 1982 linasanthula ntchito za m'migodi ya Zambia kuyambira 1929 mpaka 1969. Mfundo yomwe amadziwika nayo kwambiri ndi yakuti chuma chomwe atsamunda anasiya m'chigawo chino chili ngati chilumba: migodi, mafamu akuluakulu ndi mafakitale zimalemba anthu ochepa ndipo zimayang'ana misika yakunja, pamene unyinji wa anthu uli kunja kwa mpanda. Chilumbacho chikhoza kukula popanda umphawi kuchepa m'midzi yoyandikana nacho.

Mhone anadzudzulanso maphunziro a zachuma chifukwa chonyalanyaza amayi. Ntchito yolima, kutunga madzi, kulera ana ndi kudwazika matenda siilowa m'mabuku a malipiro, komabe ndi imene imagwiriziza banja la munthu wa pamgodi, makamaka ntchito ikatha.

Mbiri ya Trojan ikuchitira umboni zimenezi. Mgodiwu unaimitsa ntchito mu 2008 mitengo ya nickel itagwa, ndipo unayambanso kutulutsa miyala mu 2013. Mu 2023 ntchito inaimanso, pa nthawi yomwe nickel wochuluka wochokera ku Indonesia anagwetsa mitengo padziko lonse. Mu 2024 boma linaika kampani ya Bindura Nickel Corporation m'manja mwa woyang'anira wapadera. Malipiro akasiya kubwera, dimba ndi malonda ang'onoang'ono a amayi ndi zimene zimadyetsa pakhomo.

Katunduyu amalemera kwambiri kwa zidzukulu za Amalawi, Azambia ndi Amozambiki omwe anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a Zimbabwe, chifukwa ambiri mwa iwo alibe munda wa makolo woti athawireko.

Mhone anaonanso kuti ndondomeko yomasula malonda ya ESAP, yomwe Zimbabwe inayamba mu 1991, inakankhira anthu ambiri ku mabizinesi osalembetsedwa opindulitsa pang'ono. Iye ankalimbikitsa kuti boma lichitepo kanthu mwadala pa nkhani za malo, ngongole, maphunziro ndi misika kuti anthu akumudzi alowe m'chuma chenicheni.

Lero maiko monga Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique akuika chiyembekezo chawo pa migodi ya lithium, graphite, kopa ndi miyala ina. Muyeso womwe Mhone anasiya ndi wosavuta: osati matani angati omwe atuluka m'dziko, koma zomwe zasintha m'thumba mwa mayi wolima dimba ku Musana.