Mowa wa uchi sufuna phuma

Abale anzanga a pamsika, sabata ino tisiye kaye za ndale ndi kukwera mtengo kwa katundu kopikula. Tikambe za chakumwa chimene chimachokera ku uchi womwewu umene ena a inu mumayala pabenchi pambali pa mtedza ndi nyemba. Ndikunena mowa wa uchi.

Musaseke ayi. Mowa umenewu ndi gogo wa bibida zonse mukuzidziwazi. M'chaka cha 2004 akatswiri amene anapima mapale a mitsuko yakale ya pamalo otchedwa Jiahu ku China analengeza kuti anthu a kumeneko ankamwa chakumwa chowira cha uchi, mpunga ndi zipatso zaka pafupifupi 9,000 zapitazo.

Kuno ku Africa eni ake a mowawu ndi anthu a ku Ethiopia, dziko limene limafula uchi wambiri kuposa lina lililonse mu Africa muno. Iwo amautcha tej. Amasungunula uchi m'madzi, n'kuponyamo timitengo ndi masamba a chitsamba chotchedwa gesho kuti pakhale kakuwawa kolimbana ndi kutsekemera. Akatero amavundikira n'kuusiya uwire masiku angapo, ena mpaka masabata. Ukapsa umaoneka wachikasu ngati madzi a malalanje, ndipo amamwera m'kabotolo ka mimba yaikulu ndi khosi lalitali kotchedwa berele. Kale unali mowa wa mafumu ndi nduna zawo, koma lero nyumba zomwera tej zili ponseponse m'matauni awo, ndipo paukwati sulephera.

Si okhawo. A Kikuyu a ku Kenya ali ndi muratina, mowa umene umawira ndi chipatso cha mvunguti, mtengo womwewu tili nawo kwathu kuno. Amayamba achiwiritsa ndi kuchiumitsa chifukwa chachiwisi n'chakupha, tsono wina asakayesere kunyumba mwachisawawa. A Xhosa a ku South Africa ali ndi iQhilika. Anansi athu a kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, amene amapachika ming'oma ya makungwa m'mitengo, ali ndi mbote.

Ine ndinalawako tej kwa mnzanga wina wochokera ku Ethiopia, ndipo chimene ndinaphunzira n'chakuti mowawu sakhuthulira kukhosi ngati masese a m'chipanda. Khosi la berele n'lopapatiza, moti umangotsika pang'onopang'ono. Umayamba wanunkhiza fungo la maluwa, kenako n'kupsontha pang'ono, uchi n'kumveka palilime, kakuwawa n'kubwera pambuyo. Pambali pamakhala nyama ya tsabola ndi nkhani zosatha. Kukoma kwake kuli pamenepo: kabotolo kamodzi, macheza a ola lathunthu.

Koma chenjerani, anthuni. Akuluakulu anati chakomachakoma pusi anagwa chagada. Mowa wa m'botolo umene tinazolowerawu mphamvu yake imakhala pafupifupi 5 peresenti, pamene tej amayambira cha pa 7 mpaka kufika 11. Pakamwa umanamiza ngati sobo, koma ukati uimirire miyendo imakana. Munthu amene wagulitsa tsiku lonse n'kukaumwa mwaphuma, mpamba uli m'thumba, mawa lake adzadzuka ndi matsire, benchi ili mbee! Ana kunyumba sadya fungo la uchi.

Tsono nkhani yaikulu kwa ife ndi iyi. Mowa wa uchi sungapose uchi umene wafululira. Ngakhale ku Ethiopia komweko ena ofuna phindu lamsanga amathira shuga ndi utoto wachikasu, ndipo odziwa mowa akangolawa kamodzi sabwereranso. Nanga si matenda omwewo ali m'misika mwathu muno? Alipo mavenda ena amene amaphika shuga, n'kudonthezamo tizidutswa ta zisa ndi njuchi yakufa imodzi kuti kasitomala akhulupirire. Achimwene, mwapha tsiku limodzi, koma mwaipitsa dzina la mayi amene ali benchi yoyandikana nanu, amene wakwera basi kukapikula uchi weniweni kwa alimi a njuchi a kufupi ndi Nyika. Kasitomala akapusitsidwa kamodzi amathawa mzere wonse, sasankha.

Ndipo uchi weniweniwo sugwa kumwamba. Njuchi zimadalira maluwa a mombo, tsamba ndi mitengo ina ya m'nkhalango zathu, yomweyo imene ikuthera m'matumba a makala. Mtengo ukauotcha umadya kamodzi, ukaupachika mng'oma umadya chaka ndi chaka, uchi pamodzi ndi phula lomwe.

Sindikuti aliyense ayambe kumwa. Amene simulawa mowa, uchi wanu thirani m'phala la ana opitirira chaka chimodzi, mulibe mlandu. Koma amene mumamwa, tengerani nzeru kwa eni tej: mowa wabwino amaudikira pofulula, amaudikiranso pakumwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo inu ogulitsa uchi, botolo likhale la njuchi, osati la mphika wa shuga.

Tionana sabata yamawa, malonda akuyendereni.