SADC SIDZATIBWEZERA NDALAMA ZATHU

Pali nyimbo ina imene yatchuka pakati pa anthu ophunzira, ndipo ena mwa oyimba ake ndinu anzanga aphunzitsi, komanso inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga nkupita ku makoleji. Nyimboyo ikuti Malawi ndi dziko laling'ono, kwacha ndi ndalama yopanda mphamvu, tsono tikanangokhala ndi ndalama imodzi ndi maiko a SADC, kapena kungotenga randi ya ku South Africa, mabanki athu akanalimba ndipo zimene timasunga sizikanamasungunuka. Ine ndikukana. Sikuti ndikukana chifukwa chokonda nkhope ya Chilembwe pa ndalama ya pepala ayi. Ndikukana chifukwa nyimboyi ikutipatsa ulesi. Maso athu ali ku Gaborone pomwe mbava ili m'nyumba momwemo.

Tiyambe ndi ndalama imodziyo. Atsogoleri a SADC anagwirizana kalekale za masiku ake: malonda opanda msonkho wa pa malire mu 2008, mgwirizano wa kasitomu mu 2010, msika umodzi mu 2015, mgwirizano wa ndalama mu 2016, ndipo ndalama imodzi mu 2018. Choyamba chokhacho ndiye chinayambika. Zinazo zaka zake zinafika nkudutsa ngati minibasi yodzaza. Ndipo ngakhale akanati atsegula chitseko mawa, ife tingalowe? Malamulo awo akuti mitengo ya zinthu izikwera ndi pakati pa 3 ndi 7 peresenti pa chaka, ndipo ngongole ya boma isapitirire 60 peresenti ya chuma chonse cha dziko. Kuno mu 2024 mitengo inakwera ndi zoposa 30 peresenti, ngongole ya boma ili pamwamba pa 80 peresenti. Mwana wolephera masamu ndi Chingerezi pa MSCE sakhalira kukambirana za hositelo imene akagone ku Chancellor College.

Komanso ife aphunzitsi a mbiri tisamaiwale zimene timaphunzitsa tokha. Ndalama imodzi tinakhalapo nayo. Nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963, maiko atatu ankagwiritsa ntchito paundi imodzi, banki yaikulu ili ku Salisbury. Mafakitale anamera ku Salisbury ndi ku Bulawayo, damu lalikulu linamangidwa ku Kariba, ife nkumatumiza azibambo athu kukagwira ntchito kumeneko. Ndalama inali yolimba ndithu, koma inkalimbira m'matumba a ena. Nchifukwa chake titalandira ufulu tinatsegula Reserve Bank of Malawi mu 1965, kwacha nkubadwa mu 1971.

Mwina munena kuti zimenezo zinali za atsamunda, mgwirizano wa masiku ano ndi wa anthu ofanana. Chabwino, tiyeni tipite ku Ulaya kumene mgwirizano wake ndi wolemera kuposa wina uliwonse.

Cyprus ndi kachilumba ka anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Kanalowa mu European Union mu 2004, nkuyamba kugwiritsa ntchito yuro mu 2008. Mabanki ake awiri aakulu, Laiki ndi Bank of Cyprus, anatenga ndalama za anthu nkubwereketsa zambiri ku boma la Greece. Greece italephera kubweza ngongole zake zonse mu 2012, mabanki aja anatsala ndi mapepala. Mu Marichi 2013 mabanki onse a ku Cyprus anatsekedwa pafupifupi masabata awiri. Abale awo a mu mgwirizano anabwera, inde, ndi ngongole ya mayuro 10 biliyoni, koma mverani mmene anabwerera. Ganizo loyamba linali lakuti aliyense wosunga ndalama ku banki adulidwe, ndi wamng'ono yemwe, 6.75 peresenti. Aphungu a ku Cyprus ndi amene anakana, osati Brussels. Mapeto ake Laiki inatsekedwa, ndipo amene anali ndi zoposa mayuro 100,000 ku Bank of Cyprus anadulidwa 47.5 peresenti ya zapamwambazo, nkupatsidwa masheya m'malo mwake. Mabanki atatsegulidwa munthu sankaloledwa kutapa zoposa mayuro 300 pa tsiku, ndipo zoletsa kutulutsa ndalama kunja zinatha mu 2015. Yuro yomweyo imene munthu wa ku Germany ankaigwiritsa ntchito momasuka, wa ku Nicosia ankaiimira pa mzere.

Iceland yokha sinali mu European Union, inali ndi ndalama yakeyake. Mu Okutobala 2008 mabanki ake atatu, Kaupthing, Landsbanki ndi Glitnir, anagwa m'sabata imodzi. Zinawawa, ndalama yawo inatsika pafupifupi ndi theka, ndipo anakabwereka ku IMF. Koma anateteza ndalama za anthu osunga m'dzikomo, ndipo akuluakulu ena a mabankiwo anazengedwa milandu nkulowa m'ndende. Mawu akuti "nkulowa m'ndende" muwasunge, tiwafuna posachedwa.

Tsono tibwere kwathu. Ambirife tikukumbukira Malawi Savings Bank. Inachokera ku banki ya ku positi ofesi ija ya kabuku, imene makolo athu ankasungako ndalama za fodya ndi thonje, ndipo inali banki ya boma imene inkafika m'maboma ndi m'matauni ang'onoang'ono kumene mabanki ena ankaona ngati nkutaya nthawi. Aphunzitsi ambiri, anamwino, alangizi ndi alimi anali ndi maakaunti kumeneko. Pofika 2014, malamulo atsopano a mpamba wa mabanki, aja amati Basel II, atayamba kugwira ntchito, zinaoneka kuti bankiyi ilibe mpamba wokwanira. Chinaidya nchiyani? Sanali msodzi wa ku Senga Bay amene analephera kubweza ngongole ya ukonde. Sanali mphunzitsi, pakuti ife ngongole amatidula pa malipiro tisanaione nkomwe ndalamayo. Zinali ngongole zikuluzikulu za makampani owerengeka, za anthu odziwika, zimene zinangokhala osabwezedwa. Mu 2015 boma linasenza ngongole zowolazo, pafupifupi K6 biliyoni, kuti banki iyere, kenako nkuigulitsa ku FDH pa mtengo umene unalengezedwa kuti ndi K9.5 biliyoni. Aphungu ena ndi mabungwe anafuula, koma malonda anachitika. Chaka chomwecho Indebank nayo inagulitsidwa ku National Bank.

Tikamati "boma linasenza" tikutanthauza ndani? Boma lilibe munda. Anasenza ndi inu aphunzitsi kudzera mu msonkho wa pa malipiro, anasenza ndi mayi wogulitsa usipa pamene akugula sopo ndi mayunitsi a foni. Anthu ochepa anadya, dziko lonse linalipira. Tsono ndiuzeni, pa nkhani yonseyi, ndi pati pamene randi ikanatipulumutsa? Ngongole yoperekedwa chifukwa cha foni ya munthu wamkulu imawola chimodzimodzi, kaya ndi ya kwacha, ya randi kapena ya yuro. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo kusintha mtundu wa mkhate sikumuchotsa.

Pali kugwa kwina kwa banki kumene sikulembedwa pa chitseko, ndipo kumeneku ndiye kwatipweteka kwambiri kuno ku Maganga. Banki imakhala yotsegula, mlonda ali pa khomo, makina akutulutsa ndalama bwinobwino, koma zimene unasunga zachepa. Mu Meyi 2012 kwacha inagwetsedwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola. Mu Meyi 2022 inagwetsedwanso ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyeni tiwerenge ngati tili mu Fomu 2. Tiyerekeze msodzi amene wasunga K1 miliyoni kuti adzagule injini ya boti. Injini sitipanga kuno, imagulidwa ndi madola. Madzulo ndalama yake inali madola pafupifupi 850. Kutacha inali yosakwana madola 600. Palibe amene anathyola banki, palibe amene anamangidwa, koma gawo lalikulu la thukuta lake lapita. Mnzake amene anangogula mbuzi kapena malata anamuseka. Ndiye timadabwa kuti anthu a kunyanja sakonda kusunga ndalama ku banki, timawatcha osaphunzira. Masamu amenewa iwo anawakhoza kale, ndife amene tikuchedwa. Amayi a banki mkhonde amagawana chaka chikatha nkugula feteleza nthawi yomweyo chifukwa akudziwa kuti kwacha siigoneka.

Apa ndi pamene oyimba nyimbo ija amaimirira nkunena kuti, "Mwaona aphunzitsi, mwavomera nokha! Tikanakhala pa randi ngati Lesotho, eSwatini ndi Namibia, msodzi uja sakanaluza." Mfundo imeneyi ili ndi mafuta, sindiitaya. Maiko amenewo ndalama zawo zinamangiriridwa ku randi, imodzi kwa imodzi, ndipo mitengo kumeneko sithamanga ngati kuno. Koma funsani chimene amalipira. Ayenera kusunga ndalama zakunja zokwanira kuikira kumbuyo ndalama yawo, ndipo chiwongoladzanja amatsatira chimene Pretoria yagamula. Boma silingangolowa ku banki yaikulu nkutapa pamene lawononga zoposa zimene latolera. Kunena kwina, chimene chimalimbitsa ndalama yawo ndi mwambo, randi ndi chikwapu chabe. Ife kwacha imagwa chifukwa timagula kunja zambiri kuposa zimene timagulitsa, mafuta, feteleza, mankhwala, ndipo boma limabwereka mosaleka. Tikatenga randi khalidwe lili lomweli, randiyo idzangotha m'dziko muno. Zimbabwe inataya ndalama yake mu 2009 nkutenga dola ya Amereka. Mitengo inakhazikika kwa zaka zingapo, koma pofika 2016 anthu ankagona pa mizere ya mabanki ku Harare kudikira madola amene munalibe, boma nkutulutsa timapepala tija ankati mabondi. Abale athu amene ali kumeneko akhoza kukufotokozerani bwino kuposa ine.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi china, ndipo nchofanana ndi cha ku Cyprus chija. Mabanki athu akhala akulengeza phindu la mabiliyoni ochuluka m'zaka zimene wina aliyense akulira. Phindulo gawo lalikulu likuchokera pobwereketsa boma. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti. Banki ingavutikirenji ndi mlimi wa mpunga kapena mwini chilimira, pomwe boma likubwereka pa mtengo wotere popanda kupita kukayendera munda? Zimaoneka zotetezeka mpaka tsiku limene wobwerekayo wanena kuti sangathe kubweza pa nthawi yake. Ghana inachita zimenezo kumapeto kwa 2022, inauza amene anaibwereka m'dziko momwemo kuti asinthe mapepala awo ndi ena obweza mochedwa, ndipo mabanki ambiri kumeneko analengeza kuluza. Ghana ili mu ECOWAS. ECOWAS sinalipire.

Sindikunena kuti mgwirizano wa maiko ulibe ntchito. Ntchito ulinayo, koma si ya ndalama imodzi. Mu 1995 Meridien BIAO, banki imene inakulira ku Zambia nkufalikira m'maiko ambiri a mu Afrika, inagwa, ndipo dziko lililonse linkangoona kachigawo kake, osadziwa zimene zikuchitika ku nthambi za kwina. Kuno kwathu Finance Bank, imene eni ake anali a ku Zambia, inalandidwa chiphaso mu 2005 pa nkhani yophwanya malamulo a ndalama zakunja, nkutseka mu 2006. Ku Mozambique mu 2016 banki yaikulu ya dzikolo inalowerera pa Moza Banco nkutseka Nosso Banco. Mabanki amadutsa malire, ndalama zakuba zimadutsa malire. Oyang'anira mabanki a ku Lilongwe, Lusaka, Maputo ndi Harare azionetsana mabuku, wothawa ndi ndalama za anthu abwezedwe kumene anaba, ndipo mwana wathu amene ali ku Johannesburg azitha kutumiza ndalama kwa amayi ake ku Maganga popanda kudulidwa ngati wapalamula. Zimenezi SADC ndi COMESA angathe chaka chino, sizifuna ndalama yatsopano yokhala ndi nkhope za atsogoleri 16.

Zotsalazo nzathu. Mu 2023 kunayamba bungwe la Deposit Insurance Corporation, loti banki ikagwa lizibwezera osunga ndalama, ndipo malire ake poyamba anaikidwa pa K3 miliyoni munthu mmodzi pa banki imodzi. Ndi chinthu chabwino, chinachedwa ndi zaka zambiri. Koma malirewo ali mu kwacha, ndiye kwacha ikagwa nawonso amafota. Mphunzitsi amene wapuma ntchito nkuika ndalama zake zonse za penshoni mu akaunti imodzi adziwe kuti zopitirira malirewo zilibe mtetezi. Inu ana anga amene mukugwira ntchito m'mabanki, mumawauza zimenezi makolo akabwera pa kauntala, kapena mumangowapatsa fomu kuti asaine?

Ndipo inu anzanga a Social Studies, mukafika pa mutu wa SADC ndi COMESA, musamangolembetsa ana chaka chimene mabungwewa anakhazikitsidwa ndi kumene kuli malikulu awo. Apatseni nkhani ya MSB awerengere okha kuti K6 biliyoni ya mu 2015 ikanamanga midadada ingati ya makalasi. Phungu akadzabwera kudzapereka mipira ndi mayunifolomu a timu, wina aimirire amufunse mwaulemu kuti adzawerenge m'Nyumba ya Malamulo mndandanda wa amene anatenga ngongole zija, aliyense ndi zimene wabweza, zimene zatsala, ndi tsiku limene katundu wake adzagulitsidwe.