Mlendo adza ndi kalumo kakuthwa

Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu ukuvomereza kuti munthu wochokera kutali akhoza kubwera ndi luso lomwe eni mudzi alibe, ndipo ndi muyeso wabwino wa ntchito ya alakatuli, okamba nthano ndi oyimba omwe amanyamukira pamodzi kukasangalatsa anthu m'midzi, m'sukulu ndi m'misika. Gulu lotere likafika pabwalo pali zinthu ziwiri zofunika kuona: ngati kalumo kake n'kakuthwadi, ndiponso ngati eni mutu avomera kumetedwa.

Kuphatikiza mawu ndi nyimbo si nzeru yobwera. Nthano ya Chichewa sikambidwa ndi munthu mmodzi. Wokamba akati "Padangokhala," omvera amayankha "Tili tonse," ndipo amayankhabe choncho mpaka nkhani itatha. Pakati pa nthano pamakhala nyimbo imene wokamba amatsogolera, ana n'kumavomereza, ndipo kawirikawiri chinsinsi cha nkhani yonse chimabisala m'nyimbomo: mbalame youlula munthu amene wapha m'bale wake, kapena mwana wamasiye woitana mayi ake akufa. Oyimba bangwe ndi kaligo nawonso ankayenda mudzi ndi mudzi, pamowa ndi pamisika, akufotokoza za mabanja opasuka, za ulesi ndi za amuna otchona ku Joni. Allan Namoko wa ku Thyolo, yemwe anali wosaona, anadziwika dziko lonse ndi banjo yake ndi nyimbo zokamba za moyo wa anthu wamba. Choncho woyimba wa m'gulu loyendayenda ali nawo malo ake enieni, omwe ndi a nyimbo ya m'nthano ija. Kumukhazika pambali kuti azingoliza gitala pamene mlakatuli akupuma ndi kutaya theka la luso. Nyimbo imodzi sachezera gule. Ndakatulo khumi zondondozana, popanda ng'oma kapena nyimbo yoti anthu avomereze, zimabalalitsa bwalo, ndipo oyamba kunyamuka amakhala ana.

Phunziro lalikulu la kayendedwe kotere  linachokera ku Chancellor College ku Zomba. Gulu la zisudzo la Travelling Theatre linayamba ndi kuyendera sukulu za sekondale ndi masewero a m'Chingerezi. M'chaka cha 1981 linapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, komwe linapeka masewero kuchokera pa mavuto a anthu a kumeneko. M'zaka zotsatira, m'midzi yozungulira Liwonde, ophunzira ndi aphunzitsi awo monga Chris Kamlongera ndi David Kerr anachita zisudzo za zaumoyo momwe anthu a m'mudzi ankalowerera, kufunsa, kutsutsa ndi kuyimba nyimbo zawozawo. Chimene anapeza n'chakuti anthu amamvera kwambiri nkhani imene aikapo mawu awo. Alakatuli ndi okamba nthano a lero akuyenera kutengerapo: kufika tsiku limodzi chionetsero chisanachitike, kucheza ndi agogo odziwa nthano, kupeza oyimba ng'oma a m'mudzimo ndi kuwapatsa gawo lawo pabwalo.

Chopinga chachikulu ndi ndalama. Galimoto, mafuta, jenereta, zokuzira mawu ndi chakudya cha gulu lonse zimadya zambiri, ndipo kumudzi n'kovuta kulipiritsa pakhomo. N'chifukwa chake maulendo ambiri amalipiridwa ndi mabungwe omwe ali ndi uthenga wawo: kolera, katemera, maukwati a ana, kubzala mitengo. Mauthengawa ndi ofunika, ndipo palibe cholakwa kuti mlakatuli awanyamule. Cholakwa chimabwera pamene uthenga walembedwa kale mu ofesi ku Lilongwe, mlakatuli n'kungouzidwa kuti aukometsere. Anthu amazindikira msanga ndakatulo yotere. Amakhala chete mwaulemu, kudikira kuti mwina kumapeto kugawidwa matisheti, koma m'mitima mwawo simutsala kanthu. Nthano sinali choncho. Kalulu ankaphunzitsa chifukwa choti poyamba ankaseketsa, ndipo womvera ankatola yekha phunzirolo ali pamphasa. Bungwe lofunadi kuti uthenga wake ulowe liyenera kulola aluso kuti apeke momasuka, ngakhale zitatanthauza kuti dzina la matenda litchulidwa kamodzi kokha.

Nyengo ndi ulemu nazonso zimagamula ngati ulendo uyenda bwino. Miyezi ya pakati pa Meyi ndi Okutobala, anthu atakolola ndipo misewu ili youma, ndiyo yoyenera. Mu Januwale ndi Febuluwale anthu ali kumunda ndipo nkhokwe zambiri zapepuka. Bwalo limapemphedwa kwa a mfumu, ndipo m'mudzi mukagwa maliro chionetsero chimaima. Gulu lopita ku Rumphi popanda wolankhula Chitumbuka, ku Mangochi popanda wa Chiyao, kapena ku Nsanje popanda Chisena ndi ulimba, lanyamula katundu woperewera.

Chitsanzo cha mlendo amene kalumo kake kanathandiza onse chili ku Dzaleka m'boma la Dowa. Mlakatuli Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika kuti Menes La Plume, anathawa ku Congo nakhala pamsasa wa othawa kwawowu, ndipo mu 2014 anayambitsa chikondwerero cha Tumaini cha nyimbo, ndakatulo, magule ndi zisudzo. Kulowa n'kwaulere, ndipo alendo ena amagona m'nyumba za mabanja a pamsasapo. Apa oyenda ndi oonera ndi aluso ochokera kwina, koma mfundo ndi imodzimodzi: bwalo, mawu ndi kangachepe kotsala zimakhala za anthu a pamalopo.

Pali nkhani ina imene magulu ambiri amaizemba. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma masiku ano amachoka atajambula zonse pafoni. Nthano ya agogo a ku Ntchisi imatha kupezeka pa Facebook kapena YouTube itakongoletsedwa ndi gitala, ili m'dzina la waluso wa m'tauni, mwini wake osatchulidwa n'komwe. Uku ndi kulanda, ngakhale wochitayo atakhala ndi cholinga chabwino. Bungwe la COSOMA, lomwe limayang'anira umwini wa zaluso m'dziko muno, likhoza kuunikira pa za malamulo, koma zambiri zimathetsedwa ndi mgwirizano womveka ulendo usanayambe. Wokamba nthano apemphedwe chilolezo asanajambulidwe, ndipo dzina lake ndi mudzi wake zitchulidwe paliponse pamene nthanoyo yaulutsidwa. Woyimba ng'oma wa m'mudzi alandire malipiro monga momwe alandirira wa gitala wochokera ku Blantyre, osangomupatsa chakumwa ndi zikomo. Zojambulidwazo zisiyidweko kusukulu yapafupi kapena kwa a mfumu, kuti aphunzitsi azizigwiritsa ntchito m'kalasi gululo litabwerera kwawo.